Nkhokwe Zodzala m'Caka ca Cilala

Mu Juni 2024 ndinapatsa ana anga a Giledi 11 nchito yokacitila kunyumba: alembe cimangilizo ca Cingelezi cofotokoza nthawi yokolola kwao. Mutu umenewu ndaupeleka zaka zambili, moti ndinaulemba pa bolodi osaganizila n'komwe kuti caka cimeneco kunalibe cokolola. Mvula inadula cimanga cili pafupi kumasula, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Pa mahekitala 2.2 miliyoni a cimanga amene alimi anabyala, pafupifupi 1 miliyoni anapselela m'munda.

Mabuku atabwela ndinakhala nawo pakhonde Loweluka masana, popeza usiku malaiti sitinali kuwaona. Ambili anali monga mwa masiku onse, ziganizo zotsimphina ndi mawu obwelekana pakati pa anthu okhala desiki imodzi. Kenako ndinafika pa buku la mtsikana wina amene amakhala kumbuyo, pafupi ndi windo losweka. Masamba awili athunthu, opanda colakwa ngakhale cimodzi. Munali minda yagolide yoweyuka ndi kamphepo, ngolo zolemedwa ndi cimanga, nkhokwe zosefukila, ndi anthu a m'mudzi akuvina madzulo pothokoza zokolola zoculuka. Cingelezi cake cinaposa canga. Koma mudzi wa mtsikanayo ndiudziwa, ndimadutsako popita kwa azakhali anga, ndipo m'nkhokwe za kumeneko nkhuku zinali zitayamba kale kuikilamo mazila.

Lolemba ndinamuitana anzake atatuluka. Sanakane. Anati anabweleka foni ya alongo ake, analembamo mutu uja, ndipo ndiwo zisanapse cimangilizo cinali citatuluka. Iye anangocikopela m'buku. Ndinayamba ulaliki umene aphunzitsi tonse tiudziwa pamtima, wakuti wobela amadzinamiza yekha. Anamvetsela atazolika, akukanda desiki ndi cikhadabo. Nditatha anafunsa motsitsa mawu, mopanda mwano:

"Madamu, kodi munali kufuna cimangilizo cabwino, kapena munali kufuna kuti ine ndivutike?"

Ndinamuuza kuti asamayankhe akulu ndipo apite. Yankho limenelo mphunzitsi amalipeleka pamene alibe yankho.

Funso lake linali lolemela kuposa mmene iye anali kudziwila. Mtsikanayo amadzuka kusanace kukatunga madzi, amayenda ola lathunthu kubwela ku sukulu, ndipo akaweluka amakalandila amake pamsika pamene agulitsa tomato ndi vitumbuwa. Kuvutika sacita kukufunafuna, kumamupeza pamphasa. Ndiye ine wa malipilo a pamwezi ndimuuze kuti kuvutika n'kwabwino? Ndaona kuti anthu otamanda thukuta kawilikawili amakhala aja amene lawo linauma kalekale.

Ine ndinakula ndikusinja. Ndikumbukila kukonola, kuviika mphale, kusinjanso, kusefa ndi kuyanika ufa pamphasa uku tikuingitsa mbuzi. Ndikumbukila matuza m'manja. Cigayo citafika pafupi ndi mudzi wathu palibe mayi amene analila, ndipo munthu amene anganene lelo kuti akazi abwelele pamtondo kuti aphunzile khama tingamuthamangitse ndi munsi womwewo. Zoona, pali cimene cinapita ndi mtondo: nyimbo zija amayi anali kudandaulilamo za apongozi ndi za amuna ogona kumowa, zimene phokoso la cigayo silizipatsa mpata. Koma amayi anga mutawauza kuti asankhe pakati pa nyimbo ndi msana wosawawa, ndidziwa cimene angasankhe.

Tsono mtsikana uja anaona cimangilizo ngati ufa. Madamu afuna ufa, cigayo cilipo, ndisinjilenji? Ndipo ngati cimangilizo ndi ufadi, wanzelu anali iye, wopusa ndinali ine.

Panatenga masiku kuti ndipeze pamene maganizo amenewa aphonya. Pali nchito zimene cofunika ndi cimene cituluka, ndipo pali zina zimene cofunika ndi cimene citsala mwa woicita. Kamtsikana ka zaka zisanu timakapatsa kacitini kuti katsatile amake ku citsime. Madzi amene kafikitsa kunyumba sadzaza ndi kapu yomwe, ambili atayikila m'njila ndi kunyowetsa delesi. Palibe amene amakatuma cifukwa cosowa madziwo. Tikumanga khosi. Munthu wacifundo amene angakalande kacitini n'kukanyamulila adzafikitsa madzi onse, koma khosi lidzafika kunyumba lili mmene linacokela. Cimangilizo ca mwana wa Giledi 11 ndi kacitini kameneka. Dziko silisowa masamba ena awili onena za kukolola. Ine ndemwe ndikamaliza kuconga sindiwawelenganso. Cimene ndifuna ndi cija cimacitika m'mutu mwa mwana pamene ali ndi coti anene koma mawu akukana, nafufuta, nayesanso, mpaka azindikile kuti cimene anali kuyesa kuti acidziwa anali kungocionela patali. Katswili wa ku America wofufuza za kukumbukila, Robert Bjork, anazicha zovuta zofunika: cimene waphunzila mosavuta cimafulumila kuiwalika, pamene cimene wacikumbukila movutikila, buku lili cotseka, cimakhazikika. Agogo athu anati mphini yobweleza ndiyo imawala, ndipo amene anatemedwapo mphini adziwa kuti kubwelezako kumawawa.

Mantha a mphunzitsi pa cipangizo catsopano si a lelo. M'buku la Plato lochedwa Phaedrus, Socrates asimba za mfumu ya ku Iguputo imene inakana kuyamikila luso la kulemba, poopa kuti anthu adzaleka kusunga zinthu m'mutu ndipo adzaoneka anzelu asali anzelu. Timakonda kuiseka mfumuyo, pakuti nkhani yake yomwe tikuidziwa cifukwa inalembedwa. Koma mbali ina sinaname. Agogo anga aakazi anali kuchula makolo a mtundu wathu mibadwo ndi mibadwo osapunthwa, pamene ine nambala ya foni ya mwana wanga sindiidziwa pamtima. Tinasinthanitsa, ndipo malondawo anatikomela. Cimene cindisowetsa tulo n'cakuti buku linatilanda nchito yosunga n'kutisiyila yoganiza, koma makina atsopanowa akudzipeleka kuticitila yaciwiliyonso. ChatGPT inatuluka mu Novembala 2022, tinangoimvela patali. Mu Epulo 2024 kamphete kabuluu ka Meta AI kanaonekela mu WhatsApp kuno ku Zambia, ndipo kuyambila pamenepo laputopu siifunikanso. Foni yobweleka ndi bando ya ndalama zocepa zikwanila.

Ndikanakonda kuimila pamenepa, mlandu uli pa foni ndi pa mwana. Koma tsamba likagwa manyazi agwila mtengo. Ndani anaphunzitsa mtsikana uja kuti cimangilizo ndi ufa? Kuyambila ali wamng'ono takhala tikulemba manotsi pa bolodi kuti akopele, ndipo wokopela mwaukhondo timamuyamikila. Kalasi likayamba kusinza tili ndi mankhwala amodzi okha, kunena kuti izi zimabwela pa mayeso, ndipo mitu yonse imadzuka. Mwana akafunsa cinthu cokoma cimene mulibe mu silabasi timayang'ana nkoloko. Kholo pa tsiku lotenga malipoti silifunsa cimene mwana wadziwa, lifunsa kuti wakhala nambala cani. Mu Okutobala 2018, pepala la masamu la Giledi 9 litafalikila m'mafoni lisanalembedwe, boma linaimitsa mayeso a Giledi 7, 9 ndi 12 m'dziko lonse. Nthawi imeneyo kunalibe makina olemba zimangilizo, ndipo ana paokha sakanatha kutulutsa pepala m'bokosi lokhoma. Njala ya yankho lopanda thukuta makina anaipeza ilipo kale, ndipo anaiphika ndife akulu.

Mu 1973 akatswili atatu, Mark Lepper, David Greene ndi Richard Nisbett, anayesa cinthu cina pa tiana ta kusukulu ya mkaka ku Stanford. Anasankha tiana timene tinali kukonda kale kujambula popanda wotituma. Tina anatilonjeza setifiketi yokongola tikajambula, tina sanatilonjeze kanthu. Patapita masiku anaika zojambulila pa tebulo n'kumaonelela. Tija tinalonjezedwa setifiketi tinajambula nthawi yocepa kwambili, pafupifupi theka la nthawi ya tinzawo. Masewela anasanduka ganyu, ndipo ganyu ikatha munthu amaika khasu pansi. Ife setifiketi yoteloyo timaipeleka tsiku ndi tsiku kwa zaka 11, ndiye tidabwa kuti mwana afunafuna njila yacidule yopita pa malipilo.

Pano ndisaname ngati munthu wokhuta. Mamakisi si cinthu cacabe. Mwana wa kumudzi alibe amalume ku ofesi. Khomo lake ndi limodzi, setifiketi ya Giledi 12, ndipo amene amuuza kuti aphunzile cifukwa ca cikondi ca nzelu cabe akumuseweletsa. Ndingonena kuti tinalola khomo kukula mpaka linabisa nyumba.

M'kalasi lomwelo muli mnyamata amene pa lipoti timamulemba kuti alibe cidwi. Loweluka mumupeza pa kashopu ka amalume ake kumsika akukonza mafoni. Anaphunzila pa YouTube, m'mavidiyo a anthu a ku India olankhula Cingelezi cimene ine ndemwe ndimavutika kucitsatila. Amabweleza vidiyo imodzi kasanu, amaimitsa, amayang'anitsitsa, ndipo anang'amba mafoni akufa ambili asanadzutse ndi imodzi yomwe. Cipangizo n'cimodzi, bando ndi yomweyo: wina cinamucotsela thukuta, wina cinamuwonjezela, ndipo iye analilandila ndi manja awili. Nchitoyo anasankha yekha. Foni ikayaka aona ndi maso kuti wakwanitsa. Ndiponso pali mayi waimilila pafupi, akuyembekezela foni yake kuti alandile ndalama zimene mwana wake watumiza kucokela ku Lusaka. Edward Deci ndi Richard Ryan, amene atha zaka zambili akufufuza cimene cimasonkhezela munthu kucokela mkati, amachula zinthu zitatu zomwezi: kudzisankhila, kuona kuti ukutha, ndi kukhala wolumikizana ndi anthu ena. Cimangilizo canga cinalibe ndi cimodzi comwe. Mutu ndinasankha ndine, yankho linali kubwela patapita milungu iwili ngati nambala yofiila, ndipo panalibe munthu amene anali kudikila kumva zimene mwanayo anganene.

Kwa nthawi yaitali tinali kukhulupilila kuti vuto lathu ndi kusowa zipangizo. Aphunzitsi anzanga akumbukila 2015, pamene ana a Giledi 9 analemba koyamba mayeso a kompyuta, ndipo m'masukulu ena anasinthana makina ocepa mpaka usiku. Tinali kunena kuti mwana aliyense akanakhala ndi yake, zonse zikanalongosoka. Dziko la Peru linayesa zimenezo. Linagawa malaputopu a One Laptop per Child mazana a masauzande, ndipo kafukufuku wa Inter-American Development Bank m'masukulu 319 akumidzi, wotuluka mu 2012, anapeza kuti ana anadziwadi kuseweletsa makinawo, koma pa masamu ndi pa cinenelo sanapose anzawo amene sanalandile. Kuno kwathu cipangizo cimene ndinaciona cikugwila nchito ndi maso anga cinali cosauka kwambili: wailesi ya pulogalamu ya Taonga Market, imene inayamba mu 2000 pofuna kufikila ana amene sanali pa sukulu. Ana anali kusonkhana pansi pa mtengo kapena m'chalichi, koma pafupi ndi wailesi panali munthu wa m'mudzi momwemo amene anali kucita zimene wailesi yanena, kuloza mwana ndi dzina lake, ndi kudziwa amene sanabwele. Masukulu atatsekedwa pa 20 Malichi 2020 cifukwa ca Covid-19, maphunzilo anaulutsidwanso pa TV ndi pa wailesi, koma ana anga atabwelela ndinatha kusiyanitsa amene anali ndi munthu wowafunsa kunyumba kuti lelo wamvapo ciyani.

Munthu ameneyo ndiye akusowa. Ciyambileni maphunzilo aulele mu Januwale 2022 ana abwelela kusukulu ambili, ndipo ndi cinthu cabwino cimene sindingacinyoze. Ena mwa iwo ndinali nditawataya kale mumtima. Boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 caka comweco. Komabe m'kalasi langa muli ana opitilila 80, ndipo phunzilo limodzi likatha ambili sindinawayang'ane ndi m'maso momwe. Pali mtsikana wina wamanyazi amene sanakwezepo dzanja cibwelele. Anandiuza kuti iye amafunsa foni kuti imufotokozele cinthu katatu, kanayi, ndipo siusa moyo, siimuseka, siuza kalasi kuti taonani uyu. Mwana wa ku Kabulonga ali ndi mphunzitsi wapadela amene makolo amalipila madzulo. Uyu ali ndi foni ya amake yosweka galasi. Ndikaima kutsogolo n'kutembelela mafoni onse, ndikulanda ndodo kwa wotsimphina, pamene wa galimoto sindinamukhudze. N'cifukwa cake sindigwilizana ndi anzanga a mu stafu amene amati yankho ndi kulanda ndi kukhomela mu ofesi ya ahedi, ngakhale kuti masiku ena, ndikaconga zimangilizo khumi zoyamba ndi ciganizo cimodzimodzi, ndimawamvetsa.

Koma pali cinthu cimodzi m'nkhani ya mtsikana uja cimene cinandilasa kuposa kubela. Timakonda kunena kuti mwana amakopela za makina cifukwa sadziwa kusiyanitsa zoona ndi zabodza. Iye anali kudziwa. Anakhala pansi pafupi ndi nkhokwe yopanda kanthu, m'mimba muli nsima ya kamodzi patsiku, n'kumakopela ndi dzanja lake mawu onena za nkhokwe zosefukila, liwu ndi liwu, masamba awili. Sanaone cacilendo, cifukwa zaka zonse za sukulu zinamuphunzitsa kuti zimene zimalembedwa m'buku ndi zina, zimene zimacitika kwao ndi zina, ndipo sukulu ifuna zoyambazo. Makina anamupatsa kukolola kwa paliponse, kumene si kwa munthu aliyense, ndipo iye anakhulupilila kuti n'kwabwino kuposa kwake. Ine ndinali nditafunsa za kukolola m'caka ca njala osaphethila n'komwe, ndiye ndingamutsutse bwanji? Tonse awili tinali kucita mwambo wa sukulu, wina kufunsa cimene safuna kudziwa, wina kuyankha cimene sakhulupilila.

Lacitatu lotsatila sindinapeleke nchito ya kunyumba. Ndinati atseke zonse, atenge pepala, alembe kwa mphindi 30 cimene cinacitikila munda wa kwao caka cino, ndipo amene kwao salima alembe cimene cinacitikila thumba la ufa. Ndinati alembe m'cinenelo ciliconse cimene mawu abwelela, ndipo tikatha ena awelenga mokweza. Kunali kung'ung'udza. Wina anafunsa ngati zidzabwela pa mayeso. Mphindi khumi zoyamba ambili anangoluma mabolopeni.

Mtsikana uja analemba theka la tsamba, Cinyanja cosakaniza ndi Cingelezi, cofufutafufuta. Nditamuloza anaima monyinyilika n'kuwelenga mothamanga. Analemba za atate ake, amene cimanga citauma kale anapitiliza kudzuka m'mamawa tsiku lililonse, kutenga khasu ndi kupita kumunda, ngakhale kunalibe copalila. Amake anali kuwaleka. Tsiku lina iye anawatsatila, nawapeza atakhala pa culu, khasu lili pamiyendo, akuyang'ana kum'mawa. Atamuona anaimilila n'kuyamba kulima pamalo pouma, ndipo iye anabwelela osanena kanthu.

Kalasi la ana 80 silikhala cete, koma tsikulo linakhala. Mnyamata wa mafoni uja anati atate akenso anali kucita cimodzimodzi.

Ndinawauza kuti akaisandutse Cingelezi kunyumba, ndipo amene afuna kufunsa foni liwu limene lawasowa afunse, koma abweletse mapepala onse awili. Ndisakometse nkhani: pa nchito yotsatila ya mwezi womwewo, ana ambili ndithu anabweletsanso minda yagolide ya mtundu wina. Mayeso a Giledi 12 akali pomwepo, silabasi sinafupike, ndipo phunzilo lija linandidyela nthawi imene ndinayenela kuphunzitsa kalembedwe ka kalata yofunsila nchito.

Iye anabweletsa mapepala ake awili Lacisanu. Cingelezi cinali cothyoka m'malo angapo, nthawi za maverebu zinali kusocela, ndipo pakati panali ciganizo cimodzi cosalala kwambili cimene ndinadziwa kumene cinacokela. Koma culu cinalimo, ndi khasu pamiyendo. Ndinalemba ndemanga yaitali pansi pake, yaitali kuposa zonse zimene ndinalembapo caka cimeneco, n'kumubwezela buku Lolemba.

Anawelenga ataimilila pa tebulo langa, natembenuza tsamba kuyang'ana kuseli.

"Madamu, simunaike mamakisi."

Ndinati ndinafuna kuti awelenge ndemangayo coyamba.

"Ndawelenga. Koma alongo anga adzafunsa. Ndiwo amagula bando."

Ndinatenga bolopeni yofiila. Cimangilizo ca minda yagolide cija, ndikanapanda kudziwa mudzi wake, ndikanacipatsa 18 pa 20. Ici, potsatila malamulo a kacongedwe amene adzamuweluza pa mayeso, ndinacipatsa 12. Anayang'ana nambalayo kwa kanthawi, natseka buku, n'kuliika m'cola. Belu linali litalila kale, ndipo amake anali kumudikila kumsika.